Unyolo Wautali M'malo Opanikiza: Mmene Mapolima Amapangira Makrustalo M'nembanemba Zopyapyala

Molekyu imodzi ya polyethylene, pulasitiki amene amapangidwa wambiri kuposa wina aliyense padziko lapansi, ndi unyolo wa maatomu a kaboni olumikizana mondondozana, ndipo atomu iliyonse ya kaboni imanyamula maatomu awiri a haidrojeni. Unyolo wa msinkhu wamba ukhoza kukhala ndi maatomu a kaboni 7,000. Atomu iliyonse imawonjezera mananomita 0.127 pa utali wake, choncho unyolo wotere utawongoledwa ungatalike mananomita pafupifupi 900. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita, ndipo tsitsi limodzi la munthu limanenepa mananomita masauzande makumi angapo. Koma unyolo suwongoka wokha. Pulasitiki akasungunuka, unyolo uliwonse umadzikulunga motayirira n'kutenga malo a mananomita pafupifupi 30 m'mimba mwake, ndipo m'malo omwewo mumadutsa maunyolo ena ambirimbiri, onse atapiringizana.

Chinthu chopangidwa ndi maunyolo aatali otere chimatchedwa polima. Tsopano titenge polima yemweyo, timuyale pa galasi kapena pa silikoni mopyapyala zedi, mpaka kukhuthala kwake kukhale mananomita 20 okha. Nembanemba yotereyi ndi yopyapyala kuposa malo amene unyolo umodzi umafuna kuti ukhale momasuka. Palibe unyolo ndi umodzi womwe umene uli kutali ndi malire, pakuti pansi pali choyalapo ndipo pamwamba pali mpweya. Funso limene limandigwira mtima ndi lakuti, nembanembayo ikamazizira, maunyolo opanikizika chonchi amakwanitsa bwanji kufola m'dongosolo ndi kupanga makrustalo. Ine ndimakhulupirira kuti nembanemba si chibuma cha pulasitiki chimene changochepetsedwa. Ndi chinthu china pachokha, ndipo makrustalo ake amaumbidwa ndi choyalapo, ndi kutentha, ndiponso ndi njira yonse imene polimayo anadutsa asanaume.

Chinsinsi chachikulu cha makrustalo a mapolima chinayamba kuonekera m'nembanemba zomwezi. Mu 1920 Hermann Staudinger ananena kuti zinthu monga labala ndi maunyolo aatali enieni, ndipo akatswiri ambiri a nthawiyo anamutsutsa kolimba. Mphoto ya Nobel anadzailandira mu 1953. Maganizo ake atavomerezedwa panabuka vuto lina. Kuunika ndi X-ray kunkasonyeza kuti mapolima ena ali ndi makrustalo m'kati mwawo, koma makrustalowo anali aang'ono kwambiri poyerekeza ndi utali wa unyolo. Yankho limene linafala m'zaka za m'ma 1930 linali lakuti maunyolo angapo amakumana n'kuyendera limodzi mofola kwa kamtunda kochepa, kenako n'kupatukana, uliwonse kukalowa m'kagulu kena. Mu 1938 Keith Storks wa ku Bell Laboratories anaunika ndi maelekitironi nembanemba za gutta-percha, utomoni wa mtengo umene ndi m'bale wake wa labala, ndipo anapeza kuti maunyolo anali choimirira pa nembanembayo, chonsecho nembanembayo inali yopyapyala kwambiri kuposa utali wawo. Iye anati maunyolowo ayenera kuti akudzipinda. Mawu ake anagwa pansi, ndipo anakhala osalabadiridwa kwa zaka pafupifupi 20.

Mu 1957 Andrew Keller ku Bristol, Erhard Fischer ku Germany ndi Paul Till ku America, aliyense payekha, anameretsa makrustalo a polyethylene m'chosungunulira chimene munali polima wochepa kwambiri. Anapeza tizibenthu tafulati, ta ngodya zinayi zopendekeka, totambalala mamaikulomita angapo (maikulomita imodzi ndi mananomita 1,000) koma tokhuthala mananomita pafupifupi 10 okha. Keller anasonyeza kuti maunyolo amadutsa m'kabenthuko choimirira, kuchokera kunsi kupita kumtunda. Mananomita 10 ndi maatomu a kaboni pafupifupi 80, ndiye kuti unyolo wa maatomu 7,000 uyenera kupindika maulendo pafupifupi 90 kuti ukwane. Kabenthu kameneka kamatchedwa lamela, ndipo ndiko njerwa ya pafupifupi krustalo iliyonse ya polima. Mkangano sunathere pomwepo. Paul Flory, katswiri wa mapolima wa ku America, sanavomereze kuti polima akamauma kuchokera kosungunuka unyolo umabwerera mwaudongo pafupi ndi pamene watulukira, ndipo msonkhano wa ku Cambridge wa mu 1979 umakumbukiridwabe chifukwa cha kutentha kwa mtsutso wa pa nkhaniyi. Koma zoti lamela ilipo, ndiponso kuti kukhuthala kwake ndi kwa mananomita ochepa, palibe amene amatsutsa.

Chifukwa chimene unyolo umadzipindira ndiye phata la nkhani yonseyi. Kupinda kulikonse kumadya mphamvu, pakuti maatomu a pampindo sakhala bwino ngati anzawo a m'kati. Krustalo yokhazikika koposa ikanakhala ya maunyolo owongoka kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo makrustalo otere amapezekadi polyethylene akaumitsidwa atapanikizidwa ndi mphamvu yaikulu zedi. Koma nthawi zambiri unyolo ulibe mpata wodikira. Munthu amene wapatsidwa chingwe chachitali chopiringizana kuti achisunge mwamsanga sayamba wachiwongola chonse. Amagwira pamene dzanja lafika, napinda, nagwiranso patsogolo, napindanso. Ndimo mmene unyolo umachitira. Mu 1960 John Lauritzen ndi John Hoffman a ku National Bureau of Standards, bungwe la boma la America loona za miyezo, anafotokoza zimenezi m'masamu. Lamela yopyapyala mopitirira muyezo siingakhalepo chifukwa imasungunuka pomwepo. Lamela yokhuthala kwambiri imachedwa kukula, chifukwa sikawirikawiri kuti chidutswa chachitali cha unyolo chiyalike mowongoka pa nthawi imodzi. Imene imapambana ndi yokhuthala pang'ono chabe kuposa malire a kusungunuka. Choncho krustalo imene timaipeza si yabwino koposa, koma imene inafulumira kuposa zinzake. Pachifukwa ichi polima woumitsidwa pa kutentha kwakukulu amakhala ndi malamela okhuthala, woumitsidwa pozizira amakhala ndi opyapyala, ndipo opyapyalawo amasungunuka msanga. Polyethylene wolimba amasungunuka pa madigiri a Celsius 130 mpaka 135, pamene krustalo yangwiro ya maunyolo owongoka imapirira kupitirira madigiri 140.

M'chibuma chachikulu malamela amayambira pa kachitsotso, n'kumera mbali zonse akuchita nthambi, mpaka kupanga mpira umene umatchedwa spherulite. Pakati pa lamela ndi lamela pamatsala maunyolo opanda dongosolo, ndipo ngakhale polyethylene wolimba amakhala krustalo pa magawo 60 mpaka 80 okha pa 100 alionse. Chibumacho chikapyapyala kuposa mpirawo, mpira umasanduka kambale kozungulira, koma malamela a m'kati mwake amakhalabe monga kale. Kusintha kwenikweni kumayamba kukhuthala kukatsika pansi pa mananomita pafupifupi 100, pamene nembanemba yonse yayandikira msinkhu wa lamela imodzi.

Njira yofala yopangira nembanemba zotere ndi yosavuta kuiona. Polima amasungunulidwa mu toluene, chloroform kapena chosungunulira china choyenera, dontho lake limaikidwa pa kambale ka silikoni, kambaleko n'kuzungulitsidwa maulendo masauzande angapo pa mphindi. Zambiri zimamwazikira kunja, chosungunulira chotsala chimauluka m'masekondi ochepa, ndipo pamatsala nembanemba yosalala imene kukhuthala kwake kumadalira kuchuluka kwa polima ndi liwiro la kuzungulira. Maunyolo amagwidwa modzidzimutsa, asanapiringizane mmene amachitira m'chibuma, ena atatambasuka, ena ataphwathalala pa silikoniyo. Mfundo iyi ndimaona kuti siipatsidwa ulemu woyenera. Nembanemba ziwiri za polima mmodzi, zokhuthala mofanana, zikhoza kupanga makrustalo mosiyana kokha chifukwa ina inatenthetsedwa kwa nthawi yaitali isanazizire pamene inzake inaziziritsidwa ikadali ndi zipsera za kuzungulitsidwa. Zinthu zimenezi tikuziona bwino lero chifukwa cha maikulosikopu ya AFM, imene Gerd Binnig, Calvin Quate ndi Christoph Gerber anaipanga mu 1986. Chipangizochi chimapapasa pamwamba pa nembanemba ndi kansonga kakuthwa kwambiri, ndipo chikaphatikizidwa ndi chotenthetsera munthu akhoza kuonerera lamela imodzi ikukula. Pambali pake pali kuunika ndi X-ray yowombedwa chopendekeka kwambiri, pafupifupi chogona, kuti iyende mtunda wautali m'nembanemba ndi kuulula kumene maunyolo aloza.

Chinthu choyamba chimene nembanemba imakakamiza lamela kusankha ndi kakhalidwe kake. Lamela ikhoza kugona chafulati pa choyalapo, maunyolo ake ataimirira, mapindo akunsi atakhudza choyalapo ndi akumtunda atakhudza mpweya. Kapena ikhoza kuimirira cham'mbali, maunyolo ake atagona motsatira choyalapo. Pa chithunzi cha AFM kusiyana kwake kumaonekera nthawi yomweyo: malamela oimirira amaoneka ngati timizere topyapyala tothithikana, pamene ogona amaoneka ngati mabwalo osalala okhala ndi masitepe. Mapolima ambiri, monga polyethylene oxide, polycaprolactone ndi polylactic acid, amakonda malamela oimirira nembanemba ikakhala yokhuthala mananomita mazana angapo, ndipo amatembenukira ku malamela ogona ikapyapyala kwambiri. Chifukwa chimodzi n'chapafupi. Lamela yoimirira singatalike kupitirira kukhuthala kwa nembanemba, choncho imakhala kaliboni kakang'ono, pamene yogona ili ndi bwalo lonse loti itambalalire popanda chotchinga. Ofufuza aonapo lamela itayamba choimirira, n'kupendekeka pang'onopang'ono, n'kupitiriza kukula chogona.

Komabe si nzeru kusandutsa chizolowezi chimenechi kukhala lamulo, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi amene amafotokoza nkhaniyi mwachidule ngati kuti kukhuthala kokha ndiko kumalamulira. Mu 2006 Yu Ma ndi Wenbing Hu a ku Nanjing, pamodzi ndi Günter Reiter, anayerekezera pa kompyuta nembanemba zopanikizidwa pakati pa makoma a mitundu iwiri. Pa khoma loterera, limene maunyolo amatsetserekapo momasuka, malamela oimirira ndiwo ankachuluka, chifukwa maunyolo a pafupi ndi khoma amakhala atagona kale motsatira khomalo ndipo n'kosavuta kuti afole mmene alili. Pa khoma lomata, limene limagwira maunyolo n'kuwalepheretsa kutsetsereka, malamela ogona ndiwo ankapambana. Kutentha nakonso kumalowererapo, ndipo m'mapolima ambiri kuumitsa pang'onopang'ono pafupi ndi malire a kusungunuka kumakondera malamela ogona. Chotero munthu akakuuzani kuti nembanemba yake ndi ya mananomita 30 koma osatchula chimene anayalapo, kapena mmene anachitsukira, wakuuzani theka chabe la nkhani. Silikoni yokhala ndi okusaidi (kagawo ka silikoni yophatikizana ndi okosijeni) pamwamba ndi silikoni imene okusaidiyo yachotsedwa ndi zoyalapo ziwiri zosiyana kotheratu kwa unyolo, ngakhale kuti m'maso mwathu zimaoneka chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi liwiro. Kawirikawiri nembanemba ikamapyapyala makrustalo amachedwa kukula, ndipo nthawi zina amakanikiratu. Mu 1996 Curtis Frank wa ku Stanford ndi anzake anasonyeza kuti polima wina wa m'banja la polysilane amalephera kupanga makrustalo nembanemba ikatsika pansi pa mananomita pafupifupi 15. Ofufuza a ku Japan anayeza kakulidwe ka makrustalo a mtundu wina wa polystyrene wotchedwa isotactic polystyrene ndipo anapeza kuti liwiro limatsika mwadongosolo pamene kukhuthala kukuchepa. Zimenezi zimadabwitsa poyamba, chifukwa pali umboni wina umene umaoneka ngati ukuloza kwina. Polima aliyense ali ndi mulingo wa kutentha umene maunyolo ake amasiya kuyenda n'kuuma ngati galasi, ndipo kwa polystyrene wamba mulingowo uli pafupi ndi madigiri 100. Mu 1994 Joseph Keddie, Richard Jones ndi Rachel Cory a ku Cambridge anapeza kuti mulingowo umatsika nembanemba ya polystyrene ikapyapyala kuposa mananomita pafupifupi 40, kusonyeza kuti maunyolo a pamwamba, amene akhudzana ndi mpweya, amayenda momasuka kuposa a m'kati. Maunyolo omasuka akanayenera kufola msanga. Koma ofufuza omwewo anapezanso kuti kwa polima wotchedwa PMMA mulingowo umatsika pa golide ndipo umakwera pang'ono pa okusaidi ya silikoni, imene polimayo amamatirirapo. M'nembanemba muli maiko awiri okokerana: pamwamba pomasuka ndi pansi pomata. Maunyolo amene amatirira pa choyalapo m'malo ambirimbiri sangadzimasule mosavuta, pakuti kuti unyolo uchoke malo onsewo ayenera kumasuka nthawi imodzi, ndipo nembanemba ikasungidwa yotentha kwa nthawi yaitali gawo lomatiriralo limakulirakulira. Nembanemba ikapyapyala mokwanira, pafupifupi unyolo uliwonse umakhala ndi chidutswa chimene chagwidwa pansi.

Palinso vuto la poyambira. Krustalo siyamba popanda kambewu, ndipo m'chibuma kachitsotso kamodzi kamakwanira kuumitsa dera lalikulu. Polima akachepa, mwayi woti muli kachitsotso umachepanso. Michael Massa ndi Kari Dalnoki-Veress a ku McMaster University ku Canada anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi mwaluso mu 2004. Anayala polyethylene oxide pa polystyrene, amene sagwirizana naye, n'kutenthetsa mpaka nembanemba inang'ambika n'kusanduka timadontho tambirimbiri tosiyana misinkhu. Polima ameneyu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 65, koma timadontho tambiri, popeza tinalibe kachitsotso, tinakhalabe tamadzimadzi mpaka kutentha kutatsika ndi madigiri makumi angapo. Poonerera kadontho kalikonse pakokha anapeza kuti mwayi woti kaume umatsatira kuchuluka kwa polima m'kadonthomo, osati kukula kwa kunja kwake, umene ndi umboni wakuti kambewu kanabadwira m'kati mwa polima yekha popanda thandizo la chinthu chachilendo. Ndimakonda kafukufukuyu chifukwa anasandutsa chinthu chimene ambiri amachiona ngati ngozi, kung'ambika kwa nembanemba, kukhala chipangizo choyezera.

Gawo limene limandikopa koposa ndi la maonekedwe. Mu 1998 Günter Reiter, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Mulhouse m'dziko la France, ndi Jens-Uwe Sommer anafufuza polyethylene oxide woyalidwa pa silikoni mopyapyala mwakuti maunyolo anali gawo limodzi lokha losasanjikizana, wokhuthala mananomita ochepa. Makrustalo amene anamera sanali ozungulira kapena a ngodya zoongoka, koma anali a zala ndi nthambi, nthambi iliyonse ikubala nthambi zina. Chifukwa chake n'chomveka munthu akachiganizira mofatsa. Lamela imafuna kukhuthala kwake kumene kutentha kwalamula, tinene mananomita 10, koma nembanemba imene ikuidyetsa ndi ya mananomita 3 okha. Kuti krustalo itenge malo akutiakuti, iyenera kusonkhanitsa maunyolo kuchokera pa malo okulirapo maulendo angapo. Motero m'mphepete mwa krustalo mumatsala mpata wopanda kanthu, ndipo unyolo uliwonse wofuna kulowa nawo uyenera kuwoloka mpatawo ukuyendayenda mwachisawawa pa choyalapo. Msonga iliyonse imene yatsogola pang'ono imalandira maunyolo poyamba, n'kutsogola kwambiri, pamene malo olowa m'kati amasowa chowadyetsa. Kakhonde kakang'ono ka pa mphepete kamakula kukhala chala, ndipo chalacho chimagawikanso. Thomas Witten ndi Leonard Sander anali atafotokoza kale mu 1981 mmene tizinthu toyenda mwachisawawa timaunjikirana n'kupanga nthambi zotere, ndipo nembanemba za polima zinakhala chimodzi mwa zitsanzo zake zooneka bwino.

Kutentha kukasintha, chithunzi chonse chimasintha. Pozizira kwambiri unyolo umamatirira pamalo oyamba amene wafikapo ndipo suchokanso, choncho nthambi zimakhala zowonda ndi zochuluka. Pafupi ndi malire a kusungunuka unyolo umene wakhala moipa umamasuka n'kukayesa pena, mpaka utapeza pamene anzake auzungulira mbali zambiri, ndipo zala zimanenepa, mipata imatsekeka, pomalizira pake pamatuluka krustalo imodzi ya mbali zoongoka, yofanana ndi zija zimene Keller anameretsa m'chosungunulira. Polima ndi mmodzi, choyalapo ndi chimodzi, koma kusiyana kwa madigiri ochepa kumabala maonekedwe osiyana kutalitali. Ndipo krustaloyo ikamera siima pomwepo. Popeza inapindidwa mofulumira, imafunabe kuwongoka. Ikatenthetsedwa pang'ono popanda kuisungunula, maunyolo amachepetsa mapindo ndipo lamela imakhuthala. Zimenezi zimayambira m'mphepete, kumene maunyolo ali ndi mpata wotakasuka, kotero kuti krustalo imakhala ndi mpanda wokwera kuzungulira, pamene m'kati mumayamba kubooka mabowo chifukwa maunyolo amene akwera m'mwamba asiya malo pansi. M'chibuma zimenezi zimachitikanso, koma zimabisika. M'nembanemba zonse zili poyera, ndipo munthu wodziwa kuwerenga chithunzi cha AFM akhoza kuona kumene krustalo inayambira, nthawi imene kutentha kunasintha, ndi mbali imene inatenthetsedwanso pambuyo pake.

Kufikira pano choyalapo chaoneka ngati chotchinga, koma chikhozanso kukhala mphunzitsi. Choyalapo chikakhala krustalo pachokha, ndipo mipata ya maatomu ake ikayandikana ndi mipata ya pakati pa maunyolo, polima amafola motsatira mizere yake. Jean-Claude Wittmann ndi Bernard Lotz a ku Strasbourg anathera zaka zambiri akusonyeza mmene izi zimachitikira, mpaka kukakamiza polima mmodzi kutenga mtundu wa krustalo umene sakanautenga payekha. Mu 1991 Wittmann ndi Paul Smith anasonyeza njira yophweka modabwitsa: kukhuza chidutswa cha PTFE, polima wodziwika ndi dzina lakuti Teflon, pa galasi lotentha kumasiya kanembanemba ka maunyolo oloza mbali imodzi, ndipo zinthu zambiri zoyalidwa pamenepo zimafola motsatira mbali yomweyo. Chodabwitsa china chinachokera ku Halle m'dziko la Germany mu 2014, kumene gulu la Thomas Thurn-Albrecht linaonerera polyethylene akusungunuka pa graphite, krustalo ya kaboni imene imapezeka m'kati mwa pensulo. Polima yense atasungunuka, pa graphite penipeni panatsala kagawo ka mananomita ochepa kamene kanakhalabe krustalo mpaka kutentha kutakwera ndi madigiri oposa 10. Pozizira, kagawo komweko kamabwerera polima yense asanayambe kuuma. Apa choyalapo sichikungothandiza kambewu kubadwa. Chikupangitsa kuti krustalo ikhale yokhazikika pa kutentha kumene kwina kulikonse ikanasungunuka, ndipo polima akafika pa nthawi yake youma amapeza poyambira patakonzedwa kale.

Krustalo ikhozanso kukhala mphunzitsi wa ana ake. David Blundell, Keller ndi André Kovacs anapeza mu 1966 kuti makrustalo akasungunulidwa mosamala, osapitiriza kutentha, pamatsala tizidutswa tosaoneka timene timakhala mbewu za makrustalo atsopano. Mu 2009 Jianjun Xu, Reiter ndi anzawo anachita zimenezi m'nembanemba: anasungunula krustalo imodzi yaikulu mpaka inaoneka ngati yatheratu, ndipo ataziziritsa panamera timakrustalo tambirimbiri, tonse tofanana msinkhu ndiponso toloza mbali imodzi ndi kholo lawo. Tizidutswa tokhuthala pang'ono tinapulumuka, ndipo nembanemba inatigwira pamalo kuti tisatembenuke.

Wina akhoza kufunsa ngati zonsezi zili ndi phindu kunja kwa labotale, ndipo yankho ndi lakuti zili nalo lalikulu. Mpweya sudutsa m'krustalo. Umalambalala, kudzera m'maunyolo opanda dongosolo. Mu 2009 gulu la Anne Hiltner ndi Eric Baer ku Case Western Reserve University ku Cleveland linapanga pepala la pulasitiki la magawo masauzande osanjikizana, m'mene polyethylene oxide anapanikizidwa pakati pa magawo a polima wina. Magawo ake atafika pa mananomita pafupifupi 20, gawo lililonse linauma kukhala malamela aakulu ogona, otambalala kwambiri, ndipo mpweya wodutsa unachepa pafupifupi maulendo 100. Sanawonjezere mankhwala alionse. Anangochepetsa malo, ndipo malamela anagona mopingasa njira ya mpweya.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kulemera kwa nkhaniyi ndi cha mapolima oyendetsa magetsi, amene kutulukiridwa kwawo kunapatsa Alan Heeger, Alan MacDiarmid ndi Hideki Shirakawa mphoto ya Nobel mu 2000. Mmodzi mwa ofufuzidwa kwambiri ndi P3HT, amene unyolo wake uli ndi timphete tafulati. M'krustalo timphete ta maunyolo oyandikana timasanjikizana motalikirana mananomita pafupifupi 0.38, ndipo magetsi amayenda bwino motsatira unyolo ndiponso modumpha kuchokera pa kamphete kupita pa kanzake, koma amayenda movutikira kwambiri kudzera m'timichira ta kaboni timene tatuluka m'mbali. Mu tiranzisita yopyapyala, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya magetsi, magetsiwo amayenda chogona, m'mananomita ochepa oyandikana ndi choyalapo, malo omwe aja amene maunyolo amamatirira ndi kupanikizika. Mu 1999 Henning Sirringhaus wa ku Cambridge ndi anzake anasonyeza kuti timphete tikaimirira cham'mbali pa choyalapo, kotero kuti kusanjikizana kwake kukutsata njira ya magetsi, magetsiwo amayenda mofulumira maulendo oposa 100 kuposa pamene timphete tagona chafulati. Polima ndi yemweyo, koma kakhalidwe ka makrustalo a pansi penipeni ndiko kamasiyanitsa chipangizo chogwira ntchito ndi chosagwira.

Ngakhale zili choncho, kuchuluka kwa makrustalo sindiko kokha kofunika. Ofufuza a ku Stanford anayerekezera mu 2003 P3HT wa maunyolo aafupi ndi wa maunyolo aatali. Wa maunyolo aafupi anapanga timitengo taudongo, tooneka bwino pa AFM, pamene wa maunyolo aatali anapanga nembanemba yooneka yosokonekera, ya makrustalo aang'ono osalongosoka. Koma wa maunyolo aataliyo ndiye anayendetsa magetsi bwino, ndipo kusiyana kwake kunali kwa maulendo masauzande. Pakati pa timitengo taudongo panali malire opanda mlatho, ndipo magetsi ankaima pamenepo. Unyolo wautali umatuluka m'krustalo imodzi, n'kudutsa m'dera lopanda dongosolo, n'kukalowa m'krustalo ina, ndipo magetsi amautsatira. Pachifukwa ichi opanga zipangizo zotere sayang'ana kukula kwa makrustalo kokha, koma amasankhanso utali wa unyolo, chosungunulira chouluka pang'onopang'ono, kakonzedwe ka choyalapo ndi kutentha kotenthetsera pambuyo pake, kuti makrustalo a m'mananomita oyambirira aloze koyenera ndipo akhale olumikizana.